A Poyerekeza pa Maliro a Nathan

Ku Biriwiri mukafunsa nyumba ya a Silvester Ngozo, anthu amayamba ayang'anizana kaye. Koma mungoti a Poyerekeza, ngakhale mayi wogulitsa kabichi m'mbali mwa msewu akulozerani ndi mlomo: mukwere kamtunda ako, mudutse munda wa kachewere, nyumba yake ndi ya malata adzimbiri. Dzinali analigula ndi pakamwa pawo pomwe. Kwa zaka zambiri munthu sankatha kuwadandaulira kanthu osamva mawu amenewa. Ukati matalala andithyolera chimanga, iwo ankati poyerekeza ndi chilala cha ku Ethiopia, ife tikudya bwino. Ukati mphepo yandisasulira denga, ankakutengera ku Bangladesh, dziko limene ngakhale iwo sankadziwa kuti wopita kumeneko amadzera kuti. Unkabwera ndi vuto limodzi n'kubwerera utasenza mavuto a dziko lonse lapansi, denga lako lili chisasukire. Masiku ano mawuwo sawanenanso, koma dzina linakanirira.

Si kuti anali munthu wouma mtima, ndipo zimenezi zinenedwe msanga zinthu zisanawaipire. Khalidweli linayamba ali mnyamata, zaka zimene nkhondo inkasakaza ku Mozambique. Ku Biriwiri malire ndi msewu basi, mbali iyi Malawi, mbali iyo Mozambique, choncho othawa nkhondo ankangowoloka tala, mitolo kumutu, ana kumbuyo, n'kumanga zisakasa m'mapirimo. A Silvester sukulu anali atalekezera panjira, koma masamu ankawatha, ndiye anapeza ganyu ku bungwe lina lachifundo yofoletsa anthu ndi kuwawerenga pa tsiku lolandira ufa ndi nyemba. Kumeneko anaona chinthu chimene sichinawachokenso m'mutu. Kumene anthu anachuluka, malole ankafika msanga. Kagulu kena kanamanga kuseri kwa phiri, mabanja owerengeka, ndipo popeza anali ochepa anauzidwa kuti adikire. Anadikiradi, mpaka ana awo ena anaikidwa m'manda a eni dziko. Mnyamatayo zinamupweteka kwambiri, ndipo anatolapo zoti padziko pano ngakhale chisoni chimapimidwa, choncho munthu azidziwa kuti chake chikulemera bwanji pakati pa za anzake.

Nkhondo itatha alendo anabwerera kwawo, a Silvester anabwerera ku khasu. Anakwatira a Maness, mayi wosayankhulayankhula, mwina chifukwa m'nyumbamo mpata woyankhulira sunkapezeka. Ankalima kachewere, kabichi ndi chimanga, n'kumatsitsira kumsewu kwa ogula ochokera ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Kachewere woyamba atagulidwa, anthu ankayembekeza kuti agula bulangete, poti kumapiriko chisanu sichiseka ndi munthu. Iwo anagula wailesi. Ankaikoleka panthambi ya mpichesi akamalima, ndipo nkhani zakunja zikayamba khasu linkaima m'mwamba. Mchere unkatha m'nyumba, koma mabatire sanathepo.

Tisawanamizire, zimene ankanena zinali ndi mutu. Pabawo ankafotokoza kuti wailesi ikati omwalira ndi ikati okhudzidwa, ikunena anthu osiyana: wokhudzidwa ndi uja watsala wamoyo koma alibe denga, alibe munda, alibe pogwira. Ankati anthu chikwi ku Malawi si chimodzimodzi ndi anthu chikwi ku India, monga chikho cha madzi chimaonekera mu mphika koma m'chitsime osaoneka. Ankakondanso kuyerekeza kale ndi lero. Njala ya 1949 imene makolo ankasimba, ankati inapha anthu mwakachetechete chifukwa panalibe wowerenga. Masiku ano wailesi imachenjeza, ambiri amathawa, ndiye omwalira amachepako, koma okhudzidwa akunka nachuluka chifukwa tachulukana ndipo tamanga mpaka m'mphepete mwa mitsinje. Napolo wa ku Phalombe, njala ya 2002, chivomerezi cha ku Haiti, namondwe amene anagumula Beira, zonsezi ankazidziwa bwino kuposa mayina a mbuzi zawo. Anzawo ankawaseka, komabe ankamvetsera. Pa chifukwa chomwecho, ndiponso poti anali wamkulu pa abale ake, kubanja kukagwa ukwati, mlandu kapena maliro, woyankhula ankakhala iwowo.

Anali ndi mlongo mmodzi, Eliness, wobadwa pambuyo pawo. Ali ana ndi iwo amene ankamubereka powoloka mitsinje popita kusukulu, ndipo iye ankawakhulupirira moti achimwene akati kugwa mvula, ankaanula zovala dzuwa likuswa mtengo. Eliness anakwatiwa kuchigwa, kufupi ndi Sharpevale, kwa anthu olima mpunga, ndipo anatsikira komweko. Mwamuna wake sanakhalitse. Anamusiyira mwana mmodzi, Nathan, amene anakula n'kukhala mzati wa pakhomopo: m'mawa ali kumunda wa mpunga, masana akupalasa kabaza. Chaka chilichonse akakolola, Nathan ankakwera kumapiri ndi kathumba ka mpunga ka amalume ake. A Silvester ankamulandira ndi manja awiri, n'kumukhazika pansi pa mpichesi, n'kumuthira nkhani za madzi osefukira a ku China mpaka nthawi ya minibasi itakwana. Nathan ankangomwetulira n'kumati zoona amalume. Kumufunsa kuti nanga iwe moyo ukuyenda bwanji, sizinkawabwerera m'mutu. Ankamukonda ndithu, koma ankamukonda ngati munthu womvetsera bwino.

Chaka cha 2023 chinayamba ndi ukali. Ku Turkey chivomerezi chinakwirira anthu zikwizikwi, ndipo dziko lisanapume, namondwe wa Freddy anagwera kummwera kwa dziko lathu lino. A Silvester masiku amenewo sankamveka. Wailesi kukhutu, foni kudzanja, chakudya chikuzizira pamphasa. Anthu a ku Chilobwe ndi a ku Mulanje anawalira ndi misozi yeniyeni, ngakhale kuti sankadziwako aliyense.

Patapita masabata angapo, namondwe atapita, wailesi itayamba kukamba zina, kumapiri kunagwa mvula yamphamvu masana onse. Kuchigwa kunali dzuwa. Anthu a kuchigwa amaidziwa mvula yotere: siigwa pamutu pako, imangokupeza pamtsinje. Madzulo a tsiku limenelo kamtsinje kena kakang'ono, kamene m'chilimwe ana amakadumpha, kanadzaza mwadzidzidzi n'kukokolola Nathan pamodzi ndi njinga yake. Anamupeza m'mawa mwake atakodwa m'bango. Palibe wailesi imene inanena.

A Silvester ndi a Maness anatsika chigwa tsiku lomwelo. Anthu anabwera ambiri kumaliroko: a kumpingo, olima mpunga anzake, anyamata a kabaza atandanda ndi njinga zawo, ena ochokera ku Kasinje kwawo kwa Cathy, mkazi wa malemuyo. Tsono pamaliro pali mwambo umene ngakhale mwana amaudziwa. Thupi lisananyamuke, wa kubanja amaimirira n'kunena mbiri ya womwalirayo: dzina lake, mwana wa yani, anabadwira kuti, ankachita chiyani, wasiya ndani, ndipo imfa yamupeza bwanji. Sizitenga nthawi, ndipo sizifuna nzeru zambiri. Cholinga chake n'choti mlendo aliyense abwerere akudziwa munthu amene wamuika, ndiponso mayi wake amve mwana wake akutchulidwa pagulu komaliza. Mbiri imeneyi imanenedwa kamodzi. Mkulu wa mpingo atanena kuti tsopano timve kwa amalume ake, a Silvester anaimirira, chipewa m'manja.

Anayang'ana pamphasa pafupi ndi bokosi n'kuona mlongo wawo. Eliness anali atalira mpaka mawu kutha, amayi awiri atamugwirira uku ndi uku. Mtima wa a Silvester unasweka. Anafuna kumupeputsira katunduyo, ndipo njira yopeputsira chisoni imene ankaidziwa inali imodzi yokha.

"Anamfedwa nonse, ndi inu alendo amene mwabwera kudzalira nafe, pepani," anayamba choncho, ndipo mpaka pamenepo zinali bwino. "Chaka chino madzi atikwiyira. Koma tiyeni tiyang'anenso anzathu. Ku Chilobwe, ku Mulanje, ku Phalombe, mabanja athunthu apita, ena mpaka lero matupi awo sanapezeke. Poyerekeza ndi iwowo, ife Mulungu watikomera mtima. Wathu ndi mmodzi, tamupeza, ndipo tikumuika ndi manja athu."

Akanalekera pomwepo, mwina anthu akanati chisoni chawasokoneza. Koma pakamwa pozolowera sipamva. Anapita ku Turkey, anadzera ku Pakistan kumene madzi anasowetsa pokhala mamiliyoni a anthu, anabwerera ku Beira. Anafotokoza kusiyana kwa omwalira ndi okhudzidwa, anafotokoza za kale ndi za lero, mpaka ananena kuti mmene amawerengera a wailesi, mudzi uno sungalowe n'komwe m'chiwerengero. Amuna anayamba kuwerama n'kumajambula pansi ndi timitengo. Adzukulu amene anakumba manda ankayang'ana dzuwa. Kenako amayi a Mvano anayambitsa nyimbo, monga amachitira munthu akatalikitsa, gulu lonse linalandira, ndipo a Silvester anakhala pansi. Chomvetsa chisoni n'choti anakhala pansi akuganiza kuti atonthoza anthu.

Pochokera kumanda a Maness anatsalira m'mbuyo dala mpaka anayenda nawo limodzi. Anayankhula motsitsa, osawayang'ana.

"A Ngozo, mwana uja simunamutchule dzina."

A Silvester anakana. Anati sizingatheke, munthu angayankhule nthawi yonse ija osatchula mwini maliro? A Maness anangopitiriza kuyenda. Ndiye bamboyo anayamba kubwereza mawu ake mumtima, kuyambira pa anamfedwa mpaka pamene nyimbo inawadula. Anapezamo Turkey, anapezamo Phalombe. Nathan munalibe. Cathy munalibe, ana a malemuyo munalibe, ngakhale za mmene madzi anamutengera munalibe. Anakhala pachulu m'mbali mwa njira, anthu n'kumaganiza kuti ndi kulira kwa maliro.

Eliness sanawakalipire. Bwenzi zitapepuka akanawakalipira, chifukwa mkwiyo munthu umaupepesa. M'mawa mwake, abale atasonkhana kuti amete, anawabweretsera madzi osamba m'manja atagwada, monga mwa ulemu wake wa masiku onse. Iwo atathokoza, iye anati zikomo bambo. Chibadwire anali asanawatchulepo choncho. Kwa iye anali achimwene, pamavuto ndi pamtendere, ndipo bambo ndi mmene ankaitanira amuna ogula mpunga. A Silvester anafuna kupepesa pomwepo, koma pakhomo panali anthu, ndipo kwa nthawi yoyamba m'moyo wawo mawu anawathawa. Anakwera minibasi atanyamula manyaziwo.

Kumunda anayesa kunena mbiri ija okha, kuti aone mmene ikanamvekera. Apa ndi pamene anapeza chowawa chenicheni. Atati Nathan, mwana wa Eliness, wolima mpunga, wopalasa kabaza, anaima. Chaka chimene anabadwa sankachidziwa bwino. Ankadziwa kuti ana ake alipo awiri, koma dzina la wamng'onoyo linawasowa. Munthu wodziwa za anthu a ku Haiti sankadziwa kuti mwana wa mlongo wake ankapita kuti tsiku limene anamira. Anazindikira kuti pamaliro paja sanasochere ayi. Anathawira ku Turkey chifukwa kumeneko n'kumene ankakudziwa. Wailesi inakhala pazenera mpaka mabatire anachita dzimbiri.

Komabe panali kampata kamodzi. Pakapita chaka kapena kuposerapo, banja limamanga chiliza pamanda, n'kuitana anthu kudzachivundukula, ndipo wa kubanja amayankhulanso. Si maliro, koma anthu amakhalapo. A Silvester anatsimikiza mtima kuti tsiku limenelo adzanena mbiri ya Nathan yonse, kuti Eliness adzaimve pagulu. Chilimwe chimenecho anayamba kutsika chigwa kawirikawiri, osafika kwa mlongo wawo, n'kumangozungulira kwa anthu amene ankamudziwa mnyamatayo. Munthu amene moyo wake wonse ankayankhula anaphunzira kukhala pabenchi n'kufunsa.

Anyamata a kabaza anawauza kuti Nathan ankadana ndi kugonja pabawo, moti akaluza ankatha tsiku osayankhula ndi munthu. Anawauzanso kuti anapitapo ku Joni kukasaka ntchito n'kubwerako ndi jekete lokha, limene ankalivala ngakhale mu Okutobala kuti ulendowo usaoneke wachabe. Cathy anawauza kuti Nathan ali mwana ankachita chibwibwi ndipo chinatha ndi kuimba kwaya, kuti ankaweta nkhunda koma osalola kuti iphedwe ngakhale imodzi, ndiponso kuti wamng'ono uja dzina lake ndi Dalitso. Anawonjeza chinthu chimene chinawabaya: mwamuna wake ankaopa madzi chibadwire, kusambira sankatha. Za tsiku lomaliza anazimva kwa a Kizito, oyandikana nawo nyumba. Mkazi wa a Kizito anadwala mwadzidzidzi, Nathan n'kumutengera kuchipatala panjinga. Pobwerera anapeza mtsinje utayamba kufiira. Anthu anamuletsa, koma iye anati kunyumba kuli amayi ndi ana okhaokha, madzi akalowa palibe wonyamula matumba. A Silvester ankamvetsera zonsezi n'kumadzifunsa kuti munthu wokoma chonchi ankakhala nawo pansi pa mpichesi chaka ndi chaka, iwo ali kalikiliki ndi China.

Mvula itayamba anasiya kutsika, poti kachewere salola mwini wake kuyendayenda. Dzinja lonse ankabwereza mbiriyo popalira, kuchotsa apa, kuwonjeza apo, mpaka a Maness anati tsopano yakoma. Anthu atakolola, nyengo yomanga ziliza itafika, anadikira uthenga wochokera kuchigwa. Sunabwere. Ndiye anavala jekete la kutchalitchi n'kutsika okha.

Anapeza Eliness pabwalo akuyanika mpunga pamkeka. Anali ataonda, tsitsi litayamba imvi. Anawapatsa mpando, iye n'kukhala pansi chapatali, ndipo analonjerana monga mwa masiku onse. A Silvester anati abwera ndi mawu, ndipo apempha kuti awamve mpaka kumapeto. Sanayambe ndi kupepesa. Anaimirira, anavula chipewa, n'kunena mbiri ya Nathan yonse, kuyambira kubadwa kwake, chibwibwi, kwaya, jekete la ku Joni, nkhunda, Cathy ndi ana, mpaka pamtsinje paja. Eliness poyamba ankangosalaza mpunga ndi dzanja. Atafika pa jekete anaseka pang'ono, kenako kusekako kunasanduka kulira, ndipo analira mpaka mbiri inatha. Pamenepo a Silvester anapepesa, n'kupempha kuti tsiku lovundukula chiliza adzawalole kunena zomwezi pamaso pa anthu.

Eliness anapukuta misozi ndi nsonga ya chitenje. 

"Mwanena bwino, palibe chimene mwaphonya," anatero. "Koma zonsezi ine ndimazidziwa, ndine mayi wake. Ofunika kumva anali anthu aja, ndipo anabwera kamodzi."

A Silvester anati n'chifukwa chake akupempha za chiliza, poti ena mwa iwo adzabweranso.

"Chiliza tinavundukula mwezi watha," anatero Eliness. "Anayankhula ndi a Kizito."

Bamboyo anagwira mpando n'kukhala. Anafunsa ngati mlongo wawoyo sanamve kuti chilimwe chonse chija iwo ankayendayenda m'mudzimo kufunsa za mwanayo. Eliness anati anamva, Cathy ankamuuza zonse, ndipo usiku wina anatsala pang'ono kuwaimbira foni.

"Nanga unalekeranji, mlongo wanga?"

"Ndinaopa. Ndinati mwina akaimirira n'kuona gulu, ziwabwereranso. Kachiwiri sindikanapirira."

A Silvester anadziwa kuti akanakhala iwo, akanaopanso. Anakhala pabwalopo mpaka dzuwa linapendeka, chipewa pabondo, akuthandiza mlongo wawo kuingitsa nkhuku pa mpunga.